Ndinkangofuna Khomo Limodzi la Ana Anga Awiri

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye, abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo. Ndikuona ena kumbuyoko mukunong'onezana kuti kodi ameneyu ndi ndani. Ndine yemwe uja, Felesiya, make Tadala, ndinkakhala kuseri kwa msika wa Zingwangwa. Kunenepaku kusakunamizeni abale anga, ndi jekete chabe.

Ambiri mukudziwa kuti bambo a Tadala, a Fuledi, anatisiya Yamikani ali kumsana. Ndinatsala ndi ana awiri, Tadala ndi mlongo wake Yami. Ndinkagwira ntchito yosamalira odwala pa kachipatala kena ku Naperi, koma kanadzatsekedwa. Ndinakhala pakhomo, ganyu apa, ganyu apo. Kenako mnzanga amene tinkagwira naye ntchito, yemwe anali atapita kale ku Ireland, anandipezera ntchito yosamalira okalamba kumeneko. Tsiku limene ndinalengeza muno munavina. Inenso ndinavina, osadziwa zimene zinali kutsogolo.

Mapepala atatuluka anatuluka a ine ndekha. Ana ayi. Anandiuza kuti ana adzabwera ndikakhazikika, koma palibe amene ankanena kuti liti. Ndinamuimbira mnzanga uja ndikulira. Iye anandiuza mosabisa kuti ngakhale akanalola, kumeneko si ku Zingwangwa kumene umangoti aneba mundionereko mwanayu n'kuthamangira kumsika. Anati kumeneko ukasiya mwana yekha apolisi amagogoda, malo osungirako ana amakhala odzaza, ndipo shifiti yathu imayamba malowo asanatsegule. Ndiye ana anayenera kutsala. Funso linali lakuti atsala ndi ndani.

Abale anga, kuti mumve bwino, ndikuuzeni za Yami. Anali ndi zaka zitatu koma sankayankhula. Anali ndi timawu take tokha. Madzi ankati bubu. Akafuna kuchimbudzi ankangokoka khutu. Ine mayi wake ndinkamva theka. Amene ankamva zonse anali Tadala, kamwana ka sitandade wanu. Yami akayamba kulira ndinkangoitana, Tada, akuti chiyani mlongo wakoyu? Tadala n'kumuyang'ana pang'ono, n'kundiuza kuti nsapato yamuthina. Ndikamuvula nsapatoyo, kulira kwatha. Ana amenewa kuwasiyanitsa kunali kumutseka Yami pakamwa.

Kwathu ndi ku Thyolo, ndipo mukudziwa kuti ife ana ndi a kuchikazi. Mwinimbumba ndi amalume anga a ku Chilomoni. Ndinawaitana, anabwera pamodzi ndi achemwali anga a ku Machinjiri. Ndinagwada, ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ana anga akhale khomo limodzi. Amalume anati m'tauni muno masiku ano palibe amene angalandire ana awiri nthawi imodzi. Anagamula kuti Tadala apite ku Machinjiri chifukwa sukulu ili pafupi, Yami akakhale ndi iwo ku Chilomoni. Achemwali anavomera msanga. Anavomera msanga kwambiri, ndipo anali ndi khanda m'manja. Nditayesa kunena za kayankhulidwe ka Yami, amalume anati mwanayo ndamusasatitsa, akasiyana ndi mlongo wake adzayankhula yekha. Ndikanatani? Ndikanatsutsa mwinimbumba ine wamasiye? Ndinangoti zikomo amalume.

Ndinaganiza zowaperekeratu ine ndikadali pafupi, kuti azolowere. Pa siteji ya minibasi Yami anagwira diresi la Tadala osalisiya. Achemwali anachita kumukanganula, mpaka thumba la diresi linang'ambika. Kondakitala ankangoti amayi fulumirani. Ndinabwerera kunyumba ndekha.

Patapita masiku ndinapita ku Machinjiri m'mawa, nthawi ya sukulu. Ndinamupeza Tadala ali pa mpopi, khanda kumsana, akuchapa matewera. Yunifomu imene ndinamusokera inali ikadali m'jumbo. Achemwali anati ahedi akuti kalasi yadzaza, adikire teremu ya mawa, ndiye pakadali pano angokhala osathandiza? Ndinakwiya, n'kutembenukira kwa mwana wanga. Tadala sanadandaule za iye mwini. Anangondikoka chitenje n'kufunsa chapansipansi, "Amama, nanga Yami akumumvera ndani?"

Ndinakwera minibasi ya ku Chilomoni ndi funso limenelo. Yami ndinamupeza atakhala kuseri kwa chitseko. Akazi awo a amalume si munthu woipa, ayi, anayesetsa. Anati poyamba ankalira, iwo n'kumamupatsa ichi, kumupatsa icho, osadziwa chimene akufuna. Kenako anasiya kulira. Anasiya kudya. Ngakhale timawu take tija anasiya. Iwo ankati mwana wayamba kuzolowera. Ine nditamunyamula anali wopepuka, ndipo sanandiyang'ane n'komwe.

Tsiku lomwelo ndinawatenga onse awiri, osapempha munthu. Amalume atamva anati ndawanyoza pamaso pa akazi awo, tsopano zanga izo.

Abale anga, apa ndi pamene ndinafika pothera. Katundu wa m'nyumba ndinali nditagulitsa. Alandilodi anali atapeza kale wolowa. Tikiti inali itagulidwa, tsiku likuyandikira. Ndinazungulira Blantyre yense ndi ana kumanja. Sukulu za mkaka amati timaweruka masana, mayi. Zogonera konko amati ana anu achepa. Ena amati lembani wantchito, koma wantchito wakeyo womuyang'anira ndani, ine ndili kutsidya kwa nyanja? Ndikaganiza zosiya ulendo, ndiye tizidya chiyani? Kupita sindikanatha. Kukhala sindikanatha. Ndinkakhala pa mkeka m'nyumba yopanda kanthu, ana akusewera ndi zivindikiro za mabotolo, ine ndikufuna kupemphera koma mawu osabwera. Ndinkangoti Ambuye, Ambuye, basi. Sindinasale kudya, sindinakwere phiri. Mphamvu zake ndinalibe.

Ndiye m'mawa wina ndinamva odi. Nditatsegula ndinapeza mayi ataima ndi ambulera. Anali mayi Esitere. Achinyamata simukuwadziwa. Amenewa ndi mkazi woyamba wa malemu amuna anga. Ukwati wawo unatha ine ndisanadziwane ndi a Fuledi, chifukwa mphatso ya mwana sinabwere ndipo achibale a mwamuna anawatopetsa ndi mawu. Ine ndi iwo tinkangodziwana nkhope. Pa maliro anakhala kumbuyo, sitinapatsane ngakhale moni. Ndinkangomva kuti ali ndi kasukulu ka mkaka pakhomo pawo ku Bangwe.

Anakhala pa mkeka, chifukwa mpando munalibe. Sanazungulire. Anati, "Ndamva kuti ana a Fuledi agawidwa ngati zovala za malemu. Ndipatseni onse awiri."

Ndisakunamizeni, sindinadumphe ndi chimwemwe. Ndinachita mantha. Zonse zimene anthu amanena za mkazi mnzako zinandibwerera m'mutu. Pa mwambo wathu ngakhale a kuchimuna alibe mawu pa ana, nanga awa amene sali kuchimuna, sali kuchikazi? Ndinawafunsa kuti akufuniranji ana anga. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti amalera ana a eni kuyambira m'mawa, koma masana eniake amabwera kudzawatenga mmodzimmodzi, nyumba n'kutsala zii. Anati pulayimale ili pafupi, Tadala akamulembetsa okha, ndipo Yami azikhala nawo m'kalasi mwawo, akaweruka sapita kulikonse chifukwa kalasiyo ndi pakhomo pomwepo.

Chimene chinandigwira si mawuwo. Sanathamangire kumunyamula Yami ngati mmene alendo amachitira. Anatembenukira kwa Tadala n'kumuuza kuti, iwe ndiye mphunzitsi, undiphunzitse mmene mlongo wakoyu amayankhulira. Tadala anakhala bwino n'kuyamba kuwaphunzitsa, mayi wamkulu akubwereza pambuyo pake ngati mwana wa sukulu. Akalakwitsa, Tadala kuseka. Yami ankaonerera ali pakona. Kenako anasendera, n'kugwira ambulera ija, n'kunena bubu. Mayi Esitere anaimirira okha kukatunga madzi. Kanali koyamba kumva mawu ake chichokereni ku Chilomoni.

Ndinapitabe kukawauza amalume, chifukwa ndi mwini wake wa mbumba. Anati zikadzavuta ndisadzawaimbire. Achemwali anati ndadyetsedwa mankhwala. Ine ndinanyamula zikwama za ana kupita nazo ku Bangwe. Sindinapereke ana anga chifukwa cha chikhulupiriro chachikulu ayi. Ndinawapereka chifukwa ndinalibe kwina. Mu ndege ndinalira mpaka mzungu amene ndinakhala naye anandipatsa kansalu.

Lero ndikuima pano kunena zimene Mulungu wachita. Tadala ali pa sukulu, sanaphonyepo teremu. Kumsana kwake kumakhala chikwama cha mabuku. Yami, pokhala pakati pa ana anzake, mlongo wake ali pambali, anayamba kutulutsa mawu amodziamodzi. Lamlungu lililonse amandiimbira pa vidiyo, mayi Esitere atagwira foni, n'kumamuuza kuti nena moni kwa amayi ako. Ine kumeneko ndimasambitsa amayi a eni, kuwadyetsa, kuwapesa tsitsi, ana anga akupesedwa ndi wina. Mapepala awo mpaka lero sanatuluke. Sindikudziwa kuti adzatuluka liti. Ndabwera pa tchuthi chabe, posachedwapa ndibwereranso.

Tsiku limene ndinatsika ku Chileka anabwera kudzandichingamira. Tadala anathamanga n'kundigwera. Yami anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi Esitere, n'kusuzumira. Kenako ndinamumva akufunsa mlongo wake, mawu omveka bwinobwino, aliyense akanamva, "Tada, awa ndi amayi a mufoni aja?"

Tadala anati eya ndi omwewo, apatse moni. Anabwera, n'kundipatsa moni wa manja awiri, waulemu, umene timapatsa alendo. Anati muli bwanji. Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iwe.

Abale ndi alongo, ndinapempha khomo limodzi, Mulungu anandipatsa. Ndinkalira kuti mwana wanga adzayankhule, lero akuyankhula, sakufunanso womumasulira. Ndikuthokoza, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse. Koma musandifunse ngati sizikupweteka, chifukwa zikupweteka. Mundipempherere kuti mapepala aja atuluke mwanayu asanakule.

Mayi Esitere, ndikanati muimirire mpingo ukuoneni, koma khalani momwemo, mungamudzutse. Ndi awo ali pafupi ndi zenerawo, Tadala ali pambali pawo. Yami wagona pamiyendo pawo. Ndinamuitana kuti adzakhale ndi ine kutsogolo kuno, anakana mwaulemu. Wadya, wasamba, ali ndi mlongo wake. Ambuye alemekezeke.