Gitala ya Mawaya Anayi

Loweruka m'mawa pa siteji ya minibasi ku Area 25 ndinaima kumbuyo kwa amayi ena amene ananyamula gitala yokulunga m'chitenje. Ine ndimachita manyazi ndi anthu, choncho ndinangoyang'ana pansi, makutu ali tcheru. Amene anayambitsa nkhani anali abambo ena ovala jekete lachikopa.

"Amayi, mwanayo mwamufunditsa bwino. Akudwala?"

"Musandiseketse bambo, ndapsa mtima. A kwaya yathu anandituma kukagula gitala yakaunjika ku Biwi. Kufika nayo kunyumba, mawaya anayi okha! Ya mwana wa achimwene anga ili ndi sikisi. Ndiponso ukaikhudza sikulira ayi, ikungong'ung'udza. Ndikukaibweza, asanandiseke mawa kutchalitchi."

"Taivundukulani mundipatse ndione. Aaa, amayi, iyitu ndi besi! Imabadwa ndi mawaya anayi. Mukailumikiza ku sipika, mabenchi onse amanjenjemera."

"Ndiye kuti wogulitsa uja sanandibere?"

"Kukuberani? Wadzibera yekha. Taonani khosi lake kuwongoka! Ine ndaimba besi m'mabandi zaka khumi ndi ziwiri, ndikudziwa. Koma musavutike ndi ulendo wa ku Biwi. Ndigulitseni ine, ndiwonjezerapo teni sauzande."

"Mwati muwonjezera?"

"Pompano, pa foni."

"Iii, bweretsani gitalayo kuno, bambo. Chinthu choti munthu wa mu Lilongwe muno akuwonjezerapo yekha ndalama, osanenerera n'komwe, sichigulitsidwa chimenecho. Koma poti zala muli nazo, mapemphero ndi eyiti koloko mawa. Gitala tagula, woimba tilibe."