Kobiri mu Sikono ya Apongozi

Ndinali nditangoumba masikono naini, uvuni ukutentha, pomwe bambo a kunyumba kwathu analowa m'khitchini ndi nkhani: mwana wathu wamng'ono waulula kuti wabisa kobiri mu sikono imodzi. Masikonowo anali a apongozi, omwe anali kale m'basi, ndi mano awo oikirira atsopano amene amawasamala kuposa mdzukulu.

Ine ndinati ndiwabaye masikonowo ndi foloko. Bambowo anakana, n'kutulutsa sikelo ya mbale ziwiri yobwereka kugolosale. Mchimwene wanga wamng'ono anabwera kudzathandiza.

"Izi ndi za masamu, mlamu," anatero bambowo kwa iye. "Tamvera. Tiyeza kawiri basi. Ika atatu uku, atatu uko."

"Nanga atatu enawa alakwanji, alamu?"

"Adikire. Mbali imene itsike, kobiri lili kumeneko. Zikafanana, lili mwa odikirawo. Chomwe ndikufuna kumva kwa iwe n'choti zafanana kapena ayi."

"Mukufuna kumva kuti zafanana?"

"Iwe yeza."

Bambowo anatembenukira kwa ine n'kuyamba kundiphunzitsa, chala m'mwamba.

"Zafanana, alamu."

"Mwaona, mayi a mwana? Lili mwa odikirawo. Imodzi uku, imodzi uko."

Anatembenukiranso kwa ine. Ine ndinkangoyang'ana kuchitseko.

"Zafanananso."

"Ndiye ndi iyi yotsalayi." Anaing'amba pakati monyadira. Anaifinya, anainyenyanyenya. Munalibe kanthu.

"Sikelo sinama," anatero.

Mchimwene wanga anati, "Sinama, koma imapendekeka. Ndavutika nayo bwanji kuiwongola."

"Kuiwongola motani?"

"Ndimatsina uku, n'kumata uko."

"Aa, mlamu. Unkachotsa ufa kumbali yolemerayo?"

"Nanga ndikanachotsa kopepuka?"

"Ndinati uone ngati zafanana."

"Ndinaona. Sizinafanane. Ndiye ndinazifananitsa."

Ndinayang'ana pathebulo. Masikono anga anali ngati atafunidwa ndi mbuzi.

"Tiyambirenso," anatero bambowo, akupinda manja a malaya. "Atatu uku, atatu uko. Manja ako uwaike kumbuyo."

"Ulendo wachitatu? Paja munati kawiri basi."

"Awiri oyamba aja sawerengedwa."

"Chabwino. Koma tikufuna chiyani tsopano?"

"Kobiri, mlamu. Kobiri. Ukufuna mayi anga abwerere kwawo ndi nkhama zokhazokha?"

"Oo, ili?" Anapisa m'thumba n'kutulutsa kobiri lomata ufa. "Ndinalichotsa poyamba pomwe. Ndi limene linkatsitsa mbale."

Mtima wanga unakhala pansi. Bambowo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana sikelo.

"Bwezeramo," anatero. "Ine sindinalipeze."

Ndinalanda kobirilo, ndinasonkhanitsa zinyenyeswazo m'beseni n'kuyambanso kukanda. Ndisanaumbe ngakhale sikono yachiwiri, kuchitseko kunamveka odi.