Lole Inatitimira M'munda Mwanga wa Mtedza

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mayi wa ku Ntchisi, ndipo munda wanga unachita malire ndi bwalo la mpira la paboma.

Nthawi ya chipani chimodzi ija, bwalolo ankalikonza kuti pachitikire msonkhano waukulu. Malole a mchenga ndi njerwa anadzaza msewu, moti odwala ankachita kuzungulira popita kuchipatala. Tsiku lina m'mawa, kapitawo wa ntchitoyo anazula mpanda wanga, akuti malole aziima m'mundamo. Mtedza unali utangochita maluwa.

Ndinaima pakati pa mizere, khasu lili m'manja. Ndinati, "Bambo, muno simulowa galimoto. Ndiponso kumunsiko kuli kasupe."

Iwo anati, "Mayi, mukudana ndi chitukuko?"

Masiku amenewo funso lotere linkasowetsa munthu. Koma ine sindinasunthe. Dalaivala wa lole ina ya mchenga anandilambalala n'kulowera kumunsi komweko. Lole inatitimira mpaka matayala osaoneka.

Masana kapitawo uja anabwera chipewa chili m'manja. Mchenga anali atatsitsa, koma lole osatuluka, ndiye ankapempha ng'ombe zanga zapangolo kuti zikoke.

Ndinati, "Ng'ombezo zili m'khola, sizithawa. Yambani mwabwezeretsa mpanda, muundenso mizere mwaphwanyayo."

Anagwira khasu langa lomwelo, anthu akuonerera, ine nditakhala pachulu. Atamaliza m'pamene ndinatulutsa ng'ombe zija kuti zikoke loleyo.

Omvera anzanga, musamve ngati ndinalibe mantha. Sabata yonse ndinkadzidzimuka ndikamva galimoto. Koma m'munda mwanga simunaimenso lole, ndipo chaka chimenecho ana anga anadya ndiwo zotendera.