Kwathu ndi kumene anagona bambo anga

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo lero mundipirire, sindikhala pansi msanga.

Mukundidziwa. Ndine uja ndimadutsa m'mawa ndi dengu kumsana. Ndinabadwira mu esiteti, ndakulira mu esiteti, zala izi zathera m'masamba a tiyi. Mwana wanga Tadala mukumudziwanso, amene mumamumva pa wayilesi uja. Tadala anakonza nkhani ya ife amayi othyola tiyi, naitumiza kunja. Anthu akunjawo anamusankha kuti akagwire ntchito ndi atolankhani akumeneko miyezi isanu ndi umodzi. Anati tumiza pasipoti mwezi uno usanathe, ukachedwa malo ako tipatsa wina.

Abale, pasipoti! Fomu yake ikufunsa mudzi. Ikufunsa mfumu. Ikufuna chidindo. Ife mudzi tiutenga kuti? Bambo anga anachokera ku Mozambique ali mnyamata, nafikira m'nyumba za kampani. Mu kompaundi muli kapitawo, mulibe mfumu. Tadala anabwera ndi fomu ija, naiika pa mphasa, nati, "Amayi, kwathu ndi kuti?" Zaka zonsezi mwana wanga anali asanandifunsepo funso limenelo.

Ndiye ku mjigo nkhani inafika. Mayi wina, dzina sinditchula, ali momwemuno kapena sanabwere, anati, "Anthu obwera inu mumafuna zotalika. Wopanda kwawo angakwere ndege?" Anzake nkuseka. Zinandipweteka, abale, sindinama. Ndinasenza ndowa yosadzaza, misozi ili mbwembwembwe.

Kenaka Satana anabwera atavala tayi. Dobadoba wina anauza Tadala kuti, "Sisi, osadandaula, ndikupezerani mudzi ndi chidindo chomwe, mawa lomweli." Ine ndinafooka, ndikuvomera pamaso panu. Ndinati mwanawe, tenga, masiku akutha. Mukudziwa chimene anandiyankha? Anati, "Amayi, andisankha chifukwa cholankhula zoona. Ndikwere ndege ndi mudzi wabodza? Bola ndikhale." Ndinachita manyazi, mwana kundilalikira ine mayi wa chigwirizano!

Tinasala kudya masiku atatu. Ndinati Ambuye, Inu simulenga munthu wopanda kwawo. Ndakana! Ndakana ine! Tsiku lachitatu ndili m'munda, dzanja lili pa tiyi, mtima unangoti, kodi bambo ako anagona kuti? Mu esiteti saika maliro. Bambo atamwalira, ine ndili kamtsikana, anawanyamula kukawaika kumudzi wina kufupi ndi Khonjeni. Ndinatula dengu pomwepo. Kapitawo anakuwa, ine osacheuka.

Tinakwera kabaza, ine ndi Tadala. Mfumu ya kumeneko ndi mayi, wamng'ono kwa ine. Anati, "Pepani amayi, ine sindikukudziwani, sindingadinde chinthu chimene sindikuchidziwa." Sindinawade, ananena zoona. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinati ine pano sindichoka, itanani adzukulu, amene amakumba manda.

Kunabwera nkhalamba ina, maso akuchita chifunga, yoyenda ndi ndodo. Nditatchula dzina la bambo, inati, "Wamtali uja ankaimba nyimbo za Chilomwe pothyola tiyi? Manda ake ndinakumba ndine. Panali mwala, khasu langa linathyokera pomwepo." Mfumu inatilola kulowa kumanda, nkhalamba ija patsogolo, mpaka pansi pa mtengo wa mbawa. Inaloza manda a bambo ndi ndodo. Mfumu inati, "Munthu amene tinamulandira m'dothi lathu, mdzukulu wake tingamukane bwanji?" Chidindo, phaa!

Aleluya! Pasipoti inatuluka kutatsala masiku awiri. Tadala wanyamuka Lachinayi lapitali, ndipo dzulo waimba foni, akuti kukuzizira koopsa.

Tsono amene munaseka ku mjigo, sindikusungirani mangawa, koma mumve. Bambo anga anathyola tiyi wa dziko lino mpaka msana kupindika, ndipo dothi la dziko lino linawalandira. Musadzanditchulenso wobwera. Ine kwathu ndakuona, ndakuloza ndi chala, ndipo ndikadzafa mukandiike komweko.

Zikomo Yesu, zikomo! Amayi, mwakhaliranji chete? Imirirani, nthungululu zimveke mpaka ku mjigo!