Anagula Kaloko Kanga Ine Ndili M'kati

Monire mose, abale ndi alongo. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundikhululukire, ndiyankhula Chichewa, pakuti Chitumbuka changa mukuchidziwa nokha, ana m'kalasi amaseka mpaka kutsamira pakhoma. Lero sindinabwere kudzakuseketsani. Ndikufuna mumve.

Ine ndine Nachisale, mphunzitsi wa pa pulayimale kuno ku Henga. Kwathu ndi ku Dedza. Ambiri mumadziwa kuti boma ndi limene linanditumiza kuno. Inde, linanditumiza, koma ndinachita kupempha ndine. Ndinati munditumize kutali, kumene basi imafika itatopa. Ndinkathawa mwamuna, bambo ake a mwana wanga Tadala.

Abale, munthu ameneyo ankandimenya. Mchere ukachepa m'ndiwo ankandimenya. Ndikayankha moni wa bambo wina panjira ankandimenya. Khutu langa lamanzereli silimva. Si matenda ayi, ndi dzanja lake. Ankhoswe anakhala pansi kangapo, ndipo mawu awo anali amodzi okhaokha: pirira. Ndinapirira. Ndinapirira mpaka tsiku limene anakweza dzanja pa Tadala. Tsiku limenelo kupirira kunandithera.

Ndisananyamuke, namwino amene ankanditsuka bala anandilozera kwa atsikana awiri a ku Lilongwe. Atsikanawo anapanga okha kapulogalamu ka pafoni kothandiza amayi ngati ine. Ife tinkangokatcha kaloko, ngati loko wa pachitseko. Kankatseka manambala onse a munthu amene ukumuthawa. Kankabisa kumene uli. Kanalinso ndi batani lofiira, ukalidina uthenga unkapita kwa anthu amene unawasankha wekha, ngakhale ulibe bandulo.

Mmodzi wa atsikanawo, dzina lake Chisomo, anandiikira ndi manja ake. Ndinamuuza kuti foniyi anagula ndi bambo ake a Tadala, anaitsegulanso ndi iwowo, pa imelo yawo, monga amachitira amuna ambiri akagulira mkazi foni. Chisomo anati, "Musadandaule amayi, kaloko kathu sikauza munthu aliyense kalikonse. Chikavuta, imbani. Ndiyankha ndine." Ndipo ankayankhadi, ngakhale Lamulungu.

Ndinafika kuno, ndinagona tulo. Alongo anga, inu amene simunamenyedwepo simudziwa kukoma kwa tulo. Ndinalowa kwaya. Ndinalima kadimba. Sindinauze munthu aliyense nkhani yanga, manyazi anandimanga pakamwa. Mukandifunsa za abambo, ndinkangoti ali kumudzi.

Tsiku lina Chisomo anaimba. Anati, "Amayi, kampani ina yaikulu ya kunja yatigula. Ife tatopa, sitingathenso kuyendetsa tokha. Koma atilonjeza kuti palibe chimene chisinthe." Ine ndinafunsa, "Agula ndani, mwana wanga? Inuyo kapena ife?" Anaseka. Inenso ndinaseka, koma mtima sunaseke nawo.

Palibe chimene chisinthe! Poyamba unasintha ndi mtundu wa kaloko kaja. Kenako Chichewa chinachoka, kunatsala Chingerezi chokhachokha. Kenako anayamba kunditsatsa nsapato. Ine wothawa imfa, akunditsatsa nsapato zazitali zidendene! Ndikaimba nambala ya Chisomo, ankayankha ndi makina, mawu a mzungu wamkazi amene satopa kupepesa. Foni inkangosintha yokha, palibe amene anandifunsa kanthu.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Kampani imeneyo inali kale ndi pulogalamu yake ina, yoti anthu a banja limodzi aziona pa mapu kumene mnzawo ali. Itagula kaloko kathu, inaphatikiza ziwirizo. Makina awo anaona kuti foni yanga ndi foni ya bambo ake a Tadala zinatsegulidwa pa imelo imodzi. Basi anagamula okha kuti awa ndi banja, awa amakondana, azionana. Chinthu chimene ndinaika kuti chindibise, ndicho chinayamba kundiloza.

Pali ena anandiuza pambuyo pake kuti, "Aphunzitsi, mukadawerenga malamulo awo." Ayi! Ndikukana! Mlandu umenewo sindiusenza. Ine ndinapangana ndi Chisomo, maso ndi maso. Anthu enawo sindinapangane nawo kanthu. Sanandione nkhope, sanaone khutu langali.

Linali Lachisanu masana, nyengo yosankha fodya. Munthu uja, bambo ake a Tadala, anatsika minibasi pa siteji, atavala jekete, chikwama kumanja, buledi ndi shuga kumanzere. Netiweki ya kuno mukuidziwa, tsiku limenelo inkadukaduka, foni inangomufikitsa pa siteji, nyumba yeniyeni sinamulozere. Kotsalako munamuthandiza ndinu, abale anga okondedwa. Kuno mlendo simumulozera njira ndi chala, mumamuperekeza mpaka pakhomo. Ndi khalidwe labwino chomene, ndipo ndi limene linandilandira ine. Tsiku limenelo linatsala pang'ono kundipha.

Amene anakumana naye ndi a Msiska, mkulu wa mpingo uno. Ali apo akhala kutsogoloko, ndawapempha ndipo andilola kuwatchula. Atamva kuti ndi mwamuna wa aphunzitsi, anakondwa. Anamulandira chikwama, anamunyamulira okha mpaka kwanga.

Ndikuchokera kusukulu, choko chili m'manja, ndinawapeza pakhonde. A Msiska akumwetulira. Munthu uja wakhala pa mpando wanga, Tadala wamukhazika pamiyendo, dzanja lili paphewa pa mwana. Tadala sankalira. Anangouma, maso ali pa ine.

A Msiska anati, "Mama, alendo anu awa. Chiuta ngwabwino, wakubwezerani banja."

Munthu uja anati, "Amake Tadala, mwanenepatu kuno." Anatulutsa foni yake, nandionetsa kadontho pa mapu. "Ukukaona aka? Ndiwe ameneyu. Ndakhala ndikukuonera. Ukapita kusukulu ndimaona. Ukapita kutchalitchi ndimaona. Lachitatu umapita kuchigayo." Kenako anatsitsa mawu kuti a Msiska asamve. "Longedza. Ukavuta, ndinyamuka ndi mwana."

Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinadina batani lofiira lija. Ndinadinanso. Nditasuzumira, kanthu kankangozungulira, kenako panatuluka mawu a Chingerezi oti ndigule bandulo ndilowenso mwatsopano. Pansi pake panali nsapato zija.

Abale, pamenepo ndiye pansi penipeni pamene ndinafikapo m'moyo wanga. Ndinathawa mtunda wonse uja, ndinasiya amayi anga, ndinasiya manda a bambo anga, ndipo ndinaperekedwa m'manja mwake ngati katundu. Ndinadziona ndikukweranso minibasi. Ndinaona khutu linali likutsekeka. Ndinaona Tadala akukula akudziwa kuti mkazi sathawa.

Ndinapemphera pemphero lalifupi, mwina lalifupi kuposa onse amene anapempheredwapo m'chigwa chino. Ndinati, "Ambuye, loko wathyoka. Ndatsala ndi pakamwa." Ndipo Ambuye anatsegula pakamwa panga. Ndinakuwa! Ine mphunzitsi, wa ulemu wanga, ndinakuwa ngati nyumba ikupsa. Ndinati, "Mayo ine! Anthu inu, bwerani! Munthu uyu ndi amene anandigonthetsa khutu! Munthu uyu anamenya mwana uyu! Ndinamuthawa, wandilondola!" Zonse zimene ndinabisa ndi manyazi ndinazitaya pabwalo, dzuwa likuswa mtengo.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli chigafa cha fodya cha a NyaGondwe, mnansi wanga. Anali m'menemo ndi amayi anzawo, akusankha fodya. Anatuluka onse, manja ali bii ndi phula la fodya. A NyaGondwe sanafunse funso. Anapita molunjika, anagwira Tadala padzanja, anamuchotsa pamiyendo paja n'kumuimika kumbuyo kwawo. Amayi enawo anakhala pansi pakhonde, kundizungulira. Sanatukwane, sanatole mwala. Anangokhala.

Munthu uja anaimirira. Anati, "Amayi, izi ndi za m'banja."

A NyaGondwe anati, "Yayi, adada. Mwazibweretsa pakhomo pathu, zakhala zathu."

Ndinayang'ana a Msiska. Anali atavula chipewa. Anawerama, anatola chikwama chija, nati, "Ndine ndakunyamulirani chikwama ichi pobwera. Ndikunyamuliraninso pobwerera. Tiyeni." Koma sanapite naye ku siteji. Iwo patsogolo, amuna ena amene anamva mkuwo pambuyo, anakamusiya kupolisi. Nkhani inafika kukhoti, ndipo khoti linamuletsa kuyandikira ine kapena mwana.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Mantha sachoka ndi pepala la khoti. Mkulu wanga anaimba kuchokera ku Dedza, akuti thawanso, wadziwa pamene uli. A hedimasitala, mwa chifundo chawo, anati akhoza kundipemphera malo ku Chitipa kapena kwina kulikonse. Ndinayamba kumanga mapoto m'chitenje. Tadala anandiyang'ana nati, "Amayi, kumenekonso akatipeza tidzapita kuti?" Ndinakhala pansi. Ndinamasula chitenje, ndinabwezera mapoto pamalo pake. Ndinati ayi. Anthu ena agulitsana zinthu m'maofesi akutali, adyerera, aomberana m'manja, ndiye wosamuka ndikhale ine? Ayi!

Kampani ija ndinailondola. Ndinaimba, makina. Ndinaimbanso, makina. Pomaliza munthu wina anandiyankha kuti apepesa chifukwa cha kusokonezako, ndipo ngati sindikufuna kuoneka pa mapu ndikhoza kuzimitsa ndekha penapake m'katimo. Kusokoneza! Mwana wanga ali pamiyendo pa munthu uja, iwo akuti kusokoneza. Ndinawauza kuti dzina langa alifufute, sindine katundu wawo.

Chisomo anaimba atamva. Ankalira. Anati ntchito anaisiya, anati anawachenjeza eni atsopanowo koma sanamumvere. Ndinamukhululukira, pakuti anandithandiza pamene ndinalibe aliyense. Koma choonadi ndinamuuza. Ndinati, "Mwana wanga, munagulitsa nyumba ife tili m'kati, makiyi n'kupatsa mlendo. Kaimbire amayi ena onse aja, lero lomwe." Anawaimbira.

Tsono alongo anga, mverani. Mukatuluka muno, yang'anani foni yanuyo, inatsegulidwa m'dzina la ndani? Chinthu chimene chimakutetezani chikasintha mwini, musamvere zoti palibe chisinthe. Funsani kuti mwini watsopanoyo ndani, ndipo akudya chiyani pa inu. Ndipo musachite ngati ine, kubisa bala kwa anansi n'kuliuza foni yokha. Inunso abambo, pitirizani kuperekeza alendo, musasiye. Koma mlendo akafunsa za mayi amene akukhala yekha, mukhazikeni pa siteji, mutume munthu akafunse kaye mwini wake. A Msiska ndiwo anayambitsa zimenezi, ndipo pano ndi mmene tikuchitira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ndi ameni yemwe. Ndikuthokoza a NyaGondwe ndi amayi a m'chigafa, amene anasiya fodya wawo n'kudzakhala pafumbi chifukwa cha mkazi wa ku Dedza. Ndikuthokoza a Msiska, amene sanachite manyazi kubwerera njira imene anadzera. Yewo chomene, nonsenu.

Lero foni yanga ili m'dzina langa. Ndikuphunzitsabe Sitandade 5. Chimanga chabereka, nkhuku zaswa. Tadala wayambanso kusewera panja. Masiku ena mantha amabwera, minibasi ikaima pa siteji mtima umagunda, sindikunamizani. Munthu uja nyumba yanga akuidziwa, njira akuidziwa, chitseko akuchidziwa. Adziwe. Ine ndathawa kokwanira, ndipo pakhomo paja sindichokapo.

Ambuye alemekezeke. Ameni.