A Oswald Chitwanga ndi M'bawa wa Kuseri kwa Nyumba

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1931 ku Chembe, m'banja la asodzi, ndipo pa ubatizo anapatsidwa dzina lakuti Oswald. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Basil, mwana wawo woyamba. Ndikudziwa kuti si mwambo kuti mwana aime pamaso pa ansembe, mafumu ndi atcheyamani a chipani pa maliro a bambo ake. Ndinachita kupempha, ndipo mundikhululukire.

Sukulu anayambira kwawo mu 1940, nadzatsirizira Sitandade 6 kuno ku Malindi mu 1949. Nyanja sinawayanje. Akakwera bwato ankasanza, moti anzawo ankawatcha msodzi wa kumtunda. Mu 1958 anakwatira mayi anga, a Ruti, m'tchalitchi chathu chomwechi, nalowa chikamwini m'mudzi muno. Zaka zonsezi sanakhalepo pa bwalo chifukwa cha mlandu.

Mu 1962 analembedwa ntchito ya ulonda wa nkhalango ku Namizimu. Kumeneko anakumana ndi kachomera kamene ambiri mwa inu munkawaseka nako. Lero ndikafotokoze, popeza iwo sankatha kudziyankhira pagulu. Kalibe masamba, kalibenso thunthu. Ndi mizu yokhayokha, yotuwa ngati ulusi wa ukonde wakale, yoyanga pa tinthambi ta m'mwamba. Mvula ikagwa mizuyo imabiriwira. Cha mu Malichi kamatulutsa timaluwa toyera, tochepa kuposa njere ya mpunga, toti wodutsa pansi sangatione. Sikayamwa mtengo ayi. Kamangokhalapo, kumamwa mame ndi nkhungu, ndipo mukakakwirira m'dothi kamaola. Malemu ankangokatchula kuti kamizu.

Pa maulendo a ntchito ankayang'ana kumene kamamera. Anakapeza m'mitsinje yotsika ku Namizimu, m'makwawa a ku Chowe, ndi ku Katuli kufupi ndi malire. Kwawo ku Chembe anakafunafuna osakaona, ndipo ankati miyala ya kumeneko imatentha kwambiri. Alendo ena ofufuza zomera amene anawaperekeza mu 1971 anawauza kuti kamapezekanso ku Mozambiki ndi ku Tanzania, ndi kuti mbewu zake ndi fumbi chabe louluka ndi mphepo. Mawu amenewo anawasangalatsa chaka chonse.

Kuyambira mu 1974 mitengo yambiri inagwa kuti ikawotchere fodya m'maesiteti. Malemu analibe mphamvu yoletsa. Chimene ankachita ndi kutsata m'mbuyo mwa odula, kutola tinthambi tokhala ndi kamizu, kutinyamula pa njinga, ndi kudzatimangirira ndi luzi pa m'bawa umene uli kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi kamtsinje. Tambiri tinafa. Totsala tinagwira, ndipo pamene ankapuma ntchito mu 1983 kamizu kanali katayamba kudzimerera kokha m'nthambi za pamwamba pomwe makwerero safika. Malo a ku Chowe amene anandisonyeza ndili wamng'ono lero ndi minda. Ku Katuli sanabwerereko chifukwa cha nkhondo ya kutsidya kwa malire.

Chifuwa chinawayamba mu Meyi 1986. Mu Ogasiti ndinasiya koleji ku Zomba kuti ndidzathandize mayi kuwadwazika, ndipo malo anga anapatsidwa wina. Zimenezo sindidandaula nazo. Anagonekedwa pa chipatala cha mishoni pa 20 Febuluwale chaka chino, ndipo anatisiya Lolemba pa 9 Malichi 1987. Funso lawo lomaliza kwa ine linali lakuti kodi m'bawa wayera ndi timaluwa ta kamizu. Ndinawauza kuti wayera, ndipo zinali zoona. Za zipsera za nkhwangwa zimene ndinazipeza patsinde pake sindinawauze.

Amalume a Jailosi, ndikulankhula pamaso pa anthu kuti mawu anga asadzasinthidwe. Bwato lanu laola, ndipo ana anu amadyera m'nyanja. Izi ndikuzidziwa. M'bawa uja uli pa nthaka ya mbumba yanu, ndipo munkanena kuti alamu anu ndi akamwini, mtengo si wawo, mukungowachitira ulemu ali moyo. Ulemuwo munausunga zaka zambiri, koma unatha msanga pang'ono: a Iddi osema mabwato anabwera kudzayeza mtengowo ndi kuutema chizindikiro bambo akupumabe m'chipatala. Kamizu kodzimerera kokha sikamatulika. Mtengowo ukagwa, ntchito yonse ya malemu yagwa nawo, ndipo sindikudziwa ngati kwina kuno kwathu katsalako.

Bambo anali akamwini, nchifukwa chake ankangokhala chete. Ine ndine mwana wa mlongo wanu, mchombo wanga uli m'nthaka ino, ndipo ndikukana. M'mudzi muno sindichoka. Ndidzakwera nanu mabwato a eni ake kukakoka khoka la chilimira kuti kwanu kusagone njala. Ndidzayenda nanu ku ofesi ya nkhalango kukapempha mtengo wina, ngakhale atibweze kakhumi. Nkhwangwa imene a Iddi anaisiya patsinde ndaisunga ine. Adzaitenge masana, tidzawayalira mphasa.

Malemu asiya mkazi wawo a Ruti, ana anayi, ine Basil, Dinah, Lusiya ndi Simioni, zidzukulu ziwiri, ndi mlongo wawo a Elizabeti amene afika kuchokera ku Chembe. Tikuthokoza anamwino a kuchipatala, amayi a mpingo amene agona pa siwa, ndi abale athu Achisilamu amene anagwira makasu limodzi ndi adzukulu kumanda. Koposa onse ndikuthokoza inu nomwe amalume, amene munabereka bambo kumsana mvula ili mkati kupita nawo kuchipatala, pamene ine mphamvu zinali zitandithera. Chifukwa cha msana umenewo ndikhulupirira kuti mwandimva.

Bambo, inu yendani, za mtengo zisiyeni ndi ine. Mzimu wanu uwuse mumtendere.