Abusa amene ndinawatuma kugwira kumiyendo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa ine, munthu amene koleji inamuona chaka chimodzi n'kunena kuti yakhuta. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mayi anga anatsala pang'ono kutisiya.

Zinali zaka zija mipingo inkaphuka ngati zipani. Abusa athu ku Nazombe anagona ali abusa n'kudzuka ali Bishopu, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuyendera odwala. Mvula ili pakati, malungo anawagwira mayi mpaka kusiya kuyankhula. Ndinathamangira kwa Bishopu kuti adzapemphere komanso atipatse amuna otithandiza kunyamula. Anandiyankha ali pakhonde: "Mwanawe, Bishopu saitanidwa pakamwa. Lemba kalata kwa mlembi."

Kalata ndimatha kulemba, ngakhale ya Chingerezi, koma mayi sakanadikira yankho. Ine ndi mlongo wanga Esinati tinamanga machira a nsungwi ndi zitenje n'kuuyamba wa kuchipatala. Titafika pamtsinje tinapeza madzi ali m'chiuno, Esinati mphamvu zitamuthera. Tinawatula mayi pansi, ine n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse m'moyo wanga: "Ambuye, anthu."

Anabwera mmodzi yekha, bambo wachikulire wamatope mpaka m'mawondo, akuchokera m'munda wa mpunga. Ine, monga munthu amene anapondako ku koleji, ndinayamba kulamula.

"Madala, gwirani kumiyendoku. Osati choncho, kwezani."

"Chabwino, bambo," iwo ankangotero.

Tinawoloka, ndipo bambo aja sanapemphe kupuma mpaka pakhomo la chipatala, phewa litasupuka. Namwino atatuluka anagwada. Ndinkayesa akugwadira ine.

"Abusa, matope onsewa?" anatero namwinoyo kwa bambo aja.

Anali m'busa woyang'anira matchalitchi onse a mpingo wina m'chigawo chathu, amene dzina lawo ndinkangolimva. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Nditayamba kupepesa anandidula: "Zimenezo pambuyo, tiyeni tiwakweze pabedi amayiwa." Anapemphera chapansipansi, n'kubwerera kumpunga wawo.

Tsiku lachitatu mayi anatsegula maso n'kufunsa ngati wina wamangirira mbuzi. Mpaka lero ali moyo, ndipo amandikalipira ndi mphamvu zonse.

Ndikuthokoza Mulungu kuti akadali ndi atumiki osachita manyazi ndi matope. Inu amene mwathedwa nzeru lero, musaleke kupemphera, ngakhale mawu awiri okha. Ndipo amene angabwere kudzakuthandizaniyo, muyankhuleni mwaulemu.